Usana wautali, kutentha kosadalirika: zimene kaundula wa nyengo amanena za Meyi ku London

Pa 22 Meyi 1922, m'dimba la kuseri kwa nyumba ina ku Camden Square, chakumpoto kwa mzinda wa London, choyezera kutentha chinafika madigiri 91 pa muyezo wa Fahrenheit. Pa muyezo wa Celsius umene tinauzolowerawu, amenewa ndi madigiri 32.8. Patapita zaka 22, pa 29 Meyi 1944, nambala yomweyi inaonekanso ku Regent's Park mumzinda womwewo, komanso m'matauni a Horsham ndi Tunbridge Wells kummwera kwake. Kuyambira pamenepo mpaka kutha kwa 2025, panalibe tsiku la Meyi m'dziko lonse la Britain limene linaposa kutentha kumeneku. Rekodi ya 1922 inakhala zaka zoposa 100 ili chiimire.

Anthu amene safuna kumva zoti dziko likutentha amaikonda kwambiri nambala imeneyi. Amati ngati Meyi wa m'nthawi ya agogo anatentha chotere ndipo a masiku ano analephera kumupitirira, nanga kusintha kwa nyengoko kuli pati? Funsoli si lachibwana, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Koma ine ndikuona kuti tsiku limodzi lotentha kwambiri ndi mboni yofooka pa mlandu umenewu. Kuti timvetse Meyi wa ku London, tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza: kutalika kwa usana, kumene kumadziwikiratu mpaka pa mphindi, ndi kutentha, kumene kumadalira komwe mphepo yachokera sabata imeneyo.

Tiyambe ndi usana, chifukwa ndiwo wosavuta. London ali pa madigiri pafupifupi 51.5 kumpoto kwa ikweta, pamene Lilongwe ali pa madigiri 14 kummwera kwake. Dziko lapansi limazungulira dzuwa litapendekeka ndi madigiri 23.4, ndipo kupendekeka kumeneku kumamveka kwambiri munthu akamatalikira ikweta. Ku Lilongwe usana wautali kwambiri umayandikira maola 13, waufupi kwambiri umaposa pang'ono maola 11, ndiye chaka chonse kusiyana kwake sikufika maola awiri. Ku London tsiku lalifupi la Disembala limakhala ndi usana wosakwana maola 8, ndipo lalitali la pa 21 Juni limakhala ndi maola 16 ndi mphindi 38. Meyi ndi mwezi umene ulendo wokwerawu umayandikira pachimake. Pa 1 Meyi dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30 m'mawa n'kulowa cha m'ma 8:25 madzulo, usana wa maola pafupifupi 15. Pofika pa 31 Meyi limatuluka cha m'ma 4:50 n'kulowa itangopitirira 9 koloko, usana woposa maola 16 ndi kota. M'mwezi umodzi wokha usana umawonjezereka ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka. Kumayambiriro kwa mwezi tsiku lililonse limawonjezera mphindi zoposa zitatu, kumapeto kwake mphindi ziwiri zokha, chifukwa liwiroli limachepa pamene 21 Juni akuyandikira.

Nambala zimenezi sizisintha. Munthu wa mu 1922 anaona dzuwa likutuluka pa mphindi pafupifupi yomweyo imene wa lero amaliona, ndipo mdzukulu wa mdzukulu wake adzaonanso chimodzimodzi.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa munthu wochokera kwathu kuposa kutalika kwa usanako. Kwathu dzuwa limatsika chamutu, likangolowa mdima umagwa pasanathe theka la ola. Ku London kumapeto kwa Meyi limalowa chopingasa, motero kuwala kokwanira kuyendera popanda nyali kumakhalapobe kwa mphindi pafupifupi 45 litalowa kale. Akatswiri a zakuthambo amati usiku weniweni umayamba dzuwa likatsika madigiri 18 pansi pa malekezero a thambo. Kuyambira cha pa 23 Meyi mpaka cha pa 21 Julayi, ku London dzuwa silifika pamenepo ngakhale pakati pa usiku; pa 21 Juni limangotsika madigiri 15. Chisisira cha madzulo chimalumikizana ndi m'bandakucha, usiku weniweni osaoneka kwa miyezi iwiri. Mumzinda magetsi amabisa zimenezi, koma kwa Asilamu si nkhani ya m'mabuku. Mu 2018 mwezi wa Ramadan unayamba pakati pa Meyi, ndipo osala kudya ku London, kuphatikizapo abale athu a ku Malawi okhala kumeneko, ankakhala maola 18 kapena kuposerapo osadya osamwa. Mizikiti imayeneranso kugwirizana njira yowerengera nthawi ya swala ya m'bandakucha, popeza chizindikiro chakumwamba chimene chimailamulira sichioneka bwino masiku amenewo.

Mbali ina ya madzulo aataliwa inapangidwa ndi anthu. Womanga nyumba wina dzina lake William Willett ankadandaula kuti anthu amagona dzuwa litatuluka kale n'kumayatsa nyali madzulo, ndipo mu 1907 anasindikiza kabuku kolimbikitsa zosuntha mawotchi. Anamwalira mu 1915 asanaone zotsatira zake. Dziko la Germany linayamba kuchita zimenezi kumapeto kwa Epulo 1916 pofuna kupulumutsa malasha pa nthawi ya nkhondo, Britain n'kutsatira pa 21 Meyi chaka chomwecho. Lero mawotchi amapita patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi n'kubwerera Lamlungu lomaliza la Okutobala. Choncho m'mwezi wa Meyi London amatsalira ndi ola limodzi lokha pa nthawi ya ku Malawi, ndipo pamene dzuwa likulowa kumeneko kumapeto kwa mwezi, ku Lilongwe kumakhala kutadutsa 10 koloko usiku, dzuwa litalowa maola oposa anayi apitawo. Kusuntha wotchi sikuwonjezera kuwala ngakhale kwa mphindi imodzi, kumangokuchotsa m'mamawa n'kukuika madzulo. Koma wowerenga zolemba zakale ayenera kusamala nazo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mawotchi ankasunthidwa maola awiri m'nyengo yotentha, moti pa tsiku lotentha lija la 1944 dzuwa linalowa ku London wotchi ikunena kuti 10 koloko yadutsa.

Tsopano kutentha, kumene kuli nkhani yokoma kwambiri. Tengani 22 Meyi ndi 21 Julayi. Masiku awiriwa ali pa mtunda wofanana kuchokera pa 21 Juni, lina kutsogolo lina kumbuyo. Usana wawo ndi wofanana, ndipo masana dzuwa limakwera mofanana, madigiri pafupifupi 59 kuchokera pansi. Mphamvu imene dzuwa limatumiza ndi imodzimodzi. Komabe pa bwalo la ndege la Heathrow ku London, avereji ya zaka za 1991 mpaka 2020 ikusonyeza kuti masana a Meyi amafika madigiri 18.4, pamene a Julayi amafika 23.9. Usiku wa Meyi umatsika mpaka 9.1, wa Julayi umangofika cha m'ma 14. Dzuwa lomwelo, kusiyana kwa madigiri asanu.

Chachititsa ndi madzi. Britain ndi chilumba, ndipo madzi amatenga nthawi yaitali kuti atenthe komanso kuti azizire. Nyanja zomuzungulira zimazizira kwambiri mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo zimafunda kwambiri mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala. M'mwezi wa Meyi madzi a North Sea, kum'mawa kwa London, amakhala akadali cha m'ma madigiri 10 mpaka 12. Mphepo iliyonse yofika ku London imayenera kuwoloka madzi, ndipo imabwera itatenga kuzizira kwawo. Nthaka nayo imakhala isanaume kuchokera m'nyengo yozizira, motero gawo lalikulu la mphamvu ya dzuwa limathera poumitsa chinyezi m'malo motenthetsa mpweya. Ndi chifukwa chake munthu akhoza kupsa khungu ndi dzuwa la Meyi atavala juzi. Kuwala koopsa kwa khungu kumatsatira kukwera kwa dzuwa, sikufunsa kuti mpweya wafunda kapena ayi, ndipo ambiri amanyengeka ndi kamphepo kayaziyazi.

Choncho kutentha kwa tsiku la Meyi kumadalira mbali imene mphepo ikuchokera. Ikachokera kumadzulo, ku nyanja ya Atlantic, kumakhala mitambo, mvula yowaza ndi kutentha kwapakatikati. Ikachokera kumpoto imabweretsa mpweya wa ku Arctic, kumene madzi oundana amakhala asanayambe kusungunuka kwenikweni. Ikachokera kumpoto chakum'mawa, imene imawomba kawirikawiri m'nyengo imeneyi, imakokera mumzinda mitambo yotsika yochokera ku North Sea. Amene anakhalapo ku Thyolo kapena ku Mulanje masiku a chiperoni akudziwa mmene zimakhalira: thambo lotuwa, kamphepo kolowa m'mafupa, dzuwa osaoneka mpaka masana. Masiku otere kumadzulo kwa Scotland kumatha kufunda kuposa London. Koma mphepo ikachokera kummwera kapena kummwera chakum'mawa, imakhala itadutsa pamtunda wa Spain ndi France umene watentha kale, ndipo madzi amene imawoloka ndi a English Channel okha, amene pa Dover ndi otambalala makilomita 33 basi. Siikhala ndi nthawi yozizira. Pamenepo dzuwa lalitali lija limapeza mpata wosonyeza mphamvu zake zonse.

Kuti tsiku lifike madigiri 32 mu Meyi, pafunika zinthu zingapo zikumane nthawi imodzi: mpweya wotentha wochokera kummwera, thambo lopanda mtambo, mphepo yochepa, nthaka youma, ndiponso zonsezi zichitike chakumapeto kwa mwezi. Chimodzi chikasowa, nambala imatsalira. Zikachedwa ndi masiku ochepa, rekodi imalembedwa ku Juni. Malire a pa 31 Meyi ndi a pakalendala chabe, mlengalenga suwadziwa.

Sabata ya 1944 imasonyeza bwino kusakhazikika kumeneku. Pa 29 Meyi linali Lolemba la tchuthi chotsatira Pentekoste, ndipo kummwera kwa England kunali kodzaza asilikali oyembekezera kuwoloka nyanja kupita ku Normandy, ku France. Pasanathe sabata, nyengo inatembenuka. Mphepo zamkuntho zochokera ku Atlantic zinafika, ndipo katswiri wa zanyengo James Stagg analangiza General Eisenhower, mkulu wa asilikaliwo, kuti ulendo umene unakonzedwa pa 5 Juni uimitsidwe. Asilikali anawoloka pa 6 Juni, pa kampata kochepa ka bata. Masiku asanu ndi awiri okha analekanitsa tsiku limodzi mwa otentha kwambiri m'mbiri ya Meyi ndi nyengo yoipa imene inatsala pang'ono kusokoneza nkhondo yonse.

Mbali yozizira ya kaundulayu imaiwalika, koma kwa mlimi ndi yofunika kuposa yotentha. Usiku wa Meyi ndi waufupi, komabe thambo likayera, mphepo n'kuleka, mpweya wouma wa kumpoto uli pamalopo, nthaka imataya kutentha msanga. Mu Meyi 1941, ku Lynford m'chigawo cha Norfolk kunazizira mpaka madigiri 9.4 pansi pa ziro. Pakati pa Meyi 1935 chisanu chinawononga kwambiri maluwa a mitengo ya zipatso m'madera ambiri a England. Pa 2 Juni 1975 chipale chofewa chinaimitsa masewero a cricket ku Buxton, tauni ya kumapiri a Derbyshire. Ku Ulaya kuli chikhulupiriro chakale choti masiku a 11, 12 ndi 13 Meyi, okumbukira oyera mtima Mamertus, Pancras ndi Servatius, amabweretsa chisanu chomaliza. Kaundula sasonyeza kuti masiku atatuwa amazizira chaka chilichonse, koma nzeru yake ndi yoona, ndipo olima maluwa ndi tomato ku England amadikirabe mpaka chakumapeto kwa Meyi, nthawi ya chionetsero cha maluwa cha ku Chelsea, asanatulutse panja mbande zosapirira kuzizira. Vuto lalikulu limabwera Epulo akafunda msanga, mitengo n'kuphukira, kenako chisanu n'kudzapeza maluwa atatseguka.

Tibwerere ku nambala ya 32.8, chifukwa tiyenera kufunsa kuti inayezedwa bwanji ndiponso pati. Choyezera kutentha chikawombedwa ndi dzuwa chimanena kutentha kwa galasi lake, osati kwa mpweya. Ndiye chimayenera kukhala pamthunzi pomwe mpweya ukudutsa momasuka, ndipo kupeza njira yabwino yochitira zimenezi kunatenga zaka zambiri. Ku Royal Observatory ya ku Greenwich, kumene kuyeza nyengo tsiku ndi tsiku kunayamba cha mu 1840, James Glaisher anapanga chimango chotseguka kutsogolo chimene ankachitembenuza kuti chifulatire dzuwa. Vuto lake linali loti kutentha konyezimira kuchokera pansi ndi pa makoma kunkafikabe pa choyezeracho, motero masiku a dzuwa lamphamvu chinkanena nambala yokwera kuposa yeniyeni. Mu 1864 Thomas Stevenson, injiniya wa ku Scotland womanga nsanja zowunikira zombo, anapanga kabokosi koyera ka timatabwa topendekeka mbali zonse, kamene kamatchinga dzuwa ndi mvula koma n'kumalola mpweya kudutsa. Ndi kabokosi komweko kamene timakaona pa masiteshoni a zanyengo ndi pa sukulu zina kwathu. Ku Britain choyezeracho chimaikidwa mamita 1.25 kuchokera pansi, pamwamba pa kapinga. Njira ziwirizi zinagwiritsidwa ntchito limodzi kwa zaka zambiri. Ndi chifukwa chake madigiri 100 a Fahrenheit amene analembedwa ku Greenwich pa 9 Ogasiti 1911, pa chimango cha Glaisher, sawerengedwa ngati rekodi yovomerezeka.

Malo a ku Camden Square ali ndi mbiri yawoyawo. Inali nyumba ya George James Symons, munthu amene kuyambira 1860 anasonkhanitsa anthu ongodzipereka zikwizikwi kuti aziyeza mvula m'dziko lonselo n'kumamutumizira zotsatira. Ntchito yake ndi yoyenera ulemu waukulu, ndipo kuyeza kunapitirira pamalowo zaka zambiri iye atamwalira mu 1900. Koma siteshoniyo inali m'dimba la m'tauni, lozunguliridwa ndi makoma ndi nyumba za njerwa, kumene mphepo siyenda momasuka. Taonani izi: rekodi ya Epulo ya dziko lonse, madigiri 29.4 pa 16 Epulo 1949, ndi ya ku Camden Square. Ya Meyi 1922 ndi ya komweko. Ya Juni, madigiri 35.6 pa 29 Juni 1957, ndi ya komwekonso, ngakhale Southampton inafikanso pamenepo mu 1976. Dimba limodzi kukhala ndi marekodi a miyezi itatu yotsatizana kumandiuza kuti malowo ankasunga kutentha kuposa bwalo lotseguka. Sindikunena kuti nambalazi ndi zabodza. Nthambi yoona zanyengo ya dzikolo, Met Office, imazivomereza, ndipo ya 1944 inaoneka m'malo atatu osiyana, kutanthauza kuti tsikulo kunatenthadi. Ndikungonena kuti kuyerekezera dimba lotchingika la 1922 ndi siteshoni ya lero mpaka pa kadontho ka digiri ndi kufuna zambiri kuposa zimene zidazo zingapereke. Kumbukiraninso kuti kalelo ankalemba madigiri athunthu a Fahrenheit. Nambala 91 ikhoza kuimira chilichonse kuyambira 90.5 mpaka pafupifupi 91.5, ndiye ".8" wa pa 32.8 anabadwa pa masamu osinthira muyezo, osati pa choyezera.

Mzindawo pawokha umatenthetsanso mpweya. Woyamba kuonetsa zimenezi ndi nambala anali Luke Howard, wopanga mankhwala wa ku London yemwe anapatsanso mitambo mayina amene akugwiritsidwabe ntchito. M'buku lake lakuti The Climate of London, limene linayamba kutuluka mu 1818, anayerekezera zoyeza za pakati pa mzinda ndi za kumidzi yozungulira n'kupeza kuti usiku mumzinda munkafunda ndi madigiri pafupifupi awiri a Celsius. Njerwa, miyala ndi phula zimamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, ndipo nyumba zazitali zimatchinga thambo limene kutenthako kukadathawira. Chofunika kudziwa ndi chakuti mphamvu imeneyi imaoneka kwambiri usiku, masana imachepa. Anthu ena amakayikira zoyeza za ku Heathrow, zimene zinayamba mu 1948, ponena kuti phula la bwalo ndi injini za ndege zimakweza nambala. Njira yoyesera kukayika kumeneku ndi kuyang'ana masiteshoni a m'mapaki. Pa 19 Julayi 2022, pamene Heathrow inafika madigiri 40.2, mapaki a ku London a St James's Park ndi Kew Gardens anafika 40.2 ndi 40.1, ndipo nambala yapamwamba kwambiri, 40.3, inachokera ku Coningsby, kumidzi ya Lincolnshire, kutali ndi mzinda uliwonse waukulu.

Kutalika kwa usana ndi kuwala kwa dzuwa nazonso ndi zinthu ziwiri. Mukaphatikiza maola onse a usana m'mwezi wa Meyi ku London amaposa 480, koma avereji ya maola amene dzuwa limawaladi ku Heathrow ndi 207 okha, osafika theka. Enawo amadyedwa ndi mitambo. Kwa zaka zoposa 100 kuwalaku kunkayezedwa ndi mpira wagalasi umene umasonkhanitsa kuwala n'kuwotcha mzere pa kapepala kolimba, chida chimene John Francis Campbell anapanga mu 1853 ndipo George Stokes anachikonzanso mu 1879. Masiku ano masiteshoni ambiri ali ndi zida zamagetsi, ndipo akatswiri amayenera kulinganiza nambala za njira ziwirizi. Palinso utsi. London wa 1922 ankaphika, kuwotha ndi kuyendetsa mafakitale ndi malasha, ndipo mpweya unayamba kuyera pambuyo pa chifunga cha utsi cha Disembala 1952, chimene chinapha anthu zikwi zambiri, ndi lamulo la mpweya woyera la 1956. Mzinda wa lero umalandira dzuwa lochuluka kuposa wa nthawi imeneyo. Meyi wa 2020, pamene anthu anatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, anali mwezi wowala kwambiri m'kaundula wa dziko lonse la UK, ndi maola 266, kuposa pang'ono Juni wa 1957. Komabe sanafike pafupi ndi madigiri 32.8. Dzuwa linalipo lokwanira, mpweya wa kummwera uja ndi umene unasowa.

Kaundula wautali kwambiri wa kutentha padziko lonse ndi wa ku England, wotchedwa Central England Temperature. Anamusonkhanitsa katswiri Gordon Manley kuchokera m'zolemba za abusa, madokotala ndi anthu ena okonda kuyeza, ndipo amayambira mu 1659. Sanena za London yekha koma za dera la pakati pa London, Bristol ndi Lancashire. Mmenemo Meyi wozizira kwambiri ndi wa 1698, ndi avereji ya madigiri 8.5, ndipo wofunda kwambiri mpaka 2025 anali wa 1833, ndi 15.1. Nambala za m'zaka za m'ma 1600 ndi zongoyandikira, popeza zida zinali zosalongosoka ndipo ena ankayezera m'zipinda zosasonkha moto. Koma wa 1833 sitingamukankhire pambali. Akutiuza kuti ngakhale m'nyengo yozizirirapo ya kalelo, mphepo ikakhazikika mbali yabwino kwa mwezi wonse, Meyi ankatha kufunda modabwitsa. Mwayi wa mphepo ndi waukulu chotero, ndipo umatha kubisa kusintha kwa digiri imodzi ngati mukuyang'ana chaka chimodzi chokha.

Ndi chifukwa chake akatswiri amawerenga zaka 30 pamodzi. Akayerekezera zaka za 1991 mpaka 2020 ndi za 1961 mpaka 1990, dziko la UK lafunda ndi madigiri pafupifupi 0.8. Nambalayi ikuoneka yaing'ono pafupi ndi 32.8, koma ili ndi kulemera kwa masiku zikwi khumi ndi masiteshoni mazana, pamene inayo ndi ya masana amodzi m'dimba limodzi. Marekodi a miyezi ina anagwa kale: wa Ogasiti mu 2003 ku Faversham ndi madigiri 38.5, wa Febuluwale mu 2019 ku Kew Gardens ndi 21.2, wa Julayi mu 2022. Masiku apadera a m'Meyi momwemo nawo akhala akugwa. Tchuthi cha Lolemba loyamba la Meyi, chimene chinakhazikitsidwa mu 1978, chinatentha kwambiri pa 7 Meyi 2018 pamene Northolt, kumadzulo kwa London, inafika 28.7. Pa 1 Meyi 2025 Kew Gardens inafika 29.3, kuposa ndi pafupifupi madigiri awiri rekodi ya tsiku limeneli ya 27.4 imene inalembedwa ku Lossiemouth mu 1990. Chaka chimenecho miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi pamodzi inali yofunda ndiponso yowala kuposa ina yonse m'kaundula wa UK, ndipo ku England inali youma kuposa chaka chilichonse kuyambira 1893.

Koma Meyi amene ine ndimamuona wofunika kwambiri kumumvetsa ndi wa 2024. Anthu ambiri ku Britain sanakhulupirire atamva kuti anali Meyi wofunda kwambiri m'kaundula wa UK, amene amayambira mu 1884. Iwo ankakumbukira mitambo ndi mvula, ndipo sankalakwitsa: dzuwa linawala maola ochepa kuposa avereji, ndipo palibe tsiku limene linafika madigiri 30. Komabe avereji ya mwezi wonse inali 13.1, kuposa rekodi ya 2008 ya 12.1 ndi digiri yathunthu, chinthu chosachitikachitika pa marekodi a mwezi wathunthu, amene nthawi zambiri amaposana ndi kadontho. Kutenthako kunabisala mu usiku. Mitambo inkatchinga kutentha kuti kusathawe, nyanja zozungulira zinali zofunda kuposa nthawi zonse, ndipo usiku ndi usiku choyezera sichinkatsika mmene chimayenera kutsikira. Anthu anali m'tulo pamene rekodi inkalembedwa.

Usiku wofunda uli ndi zotsatira zimene masana amodzi otentha alibe. Umachepetsa chisanu, umafulumizitsa kuphukira kwa mitengo ndi kuswa kwa tizilombo, ndipo ukhoza kusokoneza mbalame zochokera ku Africa zimene zimafika ku England pa nthawi yake yakale n'kupeza mbozi zodyetsa ana zitachepa kale. Mumzinda umakhudza anthu mwachindunji. Nyumba zambiri za ku London zinamangidwa kuti zisunge kutentha m'nyengo yozizira, ndipo zochepa zokha ndi zimene zili ndi makina oziziritsa mpweya. Chipinda cha pamwamba chokhala ndi mawindo oyang'ana kumadzulo chimalandira dzuwa mpaka 9 koloko madzulo kumapeto kwa Meyi, ndipo chimangokhala ndi maola osakwana 8 oti chizizire dzuwa lisanatulukenso. Ena mwa Amalawi ndi anthu ena a ku Africa amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku London amagwira usiku n'kugona masana m'zipinda zotere, ndipo okalamba amene amawasamalirawo ndi amene matupi awo amavutika kwambiri usiku ukapanda kuzizira.